Wachibale akasowa n'kupita zaka: kufufuza, kusunga chuma ndi kusamala otsala

Munthu akamwalira, mudzi umadziwa chochita. Uthenga umapita kwa mfumu, adzukulu amakumba manda, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, mpingo umagona pa siwa, ndipo anthu akameta amabalalika. Munthu akasowa palibe mwambo umene umam'dikira. Sabata yoyamba pakhomo pamadzaza anthu, mwezi ukatha amatsala awiri atatu, chaka chikatha dzina lake limatchulidwa monong'ona. Otsala sangalire maliro chifukwa mtembo palibe, komanso sangakhale ndi mtendere chifukwa mwini wake kulibe.

Mabanja otere ndi ambiri kuposa momwe timaganizira. Alipo a mnyamata amene anakwera basi ya ku Joni, foni yake n'kusiya kupezeka atadutsa Beitbridge, chipata cha pakati pa Zimbabwe ndi South Africa. Alipo a ku Chilobwe, kwa Ntauchira ku Chiradzulu, ku Muloza ndi ku Phalombe, kumene namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola anthu oposa 500 amene sanapezeke. Alipo a msodzi amene bwato lake linabwera lokha, a gogo woiwalaiwala amene anatuluka m'mawa, a mtsikana amene analonjezedwa ntchito ya m'nyumba ku Oman. Ndipo kuyambira nthawi ya Wenela, pamene amuna ankatengedwa kukagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa, midzi yathu yakhala ikuwerenga matchona ake.

Chimene chimagwetsa mabanja amenewa si kusowa kwa munthuyo kokha. Ndi kufufuza kopanda dongosolo kumene kumatha mbuzi, munda ndi thanzi, komanso kukakamizana kuti aliyense avomereze chinthu chimodzi, kuti wafa kapena ali moyo. Banja liyenera kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: kufunafuna mwandondomeko, ndi kupitiriza kulima, kuphunzitsa ana ndi kugona tulo.

Faelo imodzi, munthu mmodzi

Kaya munthuyo anasowa dzulo kaya zaka 6 zapitazo, yambani ndi kope lachikuto cholimba ndi envelopu yaikulu. Banja likhale pansi, mwini mbumba ali pomwepo, n'kusankha munthu mmodzi woyendetsa nkhaniyi ndi wina womuthandiza. Asakhale mayi wa wosowayo kapena mkazi wake ngati pali wina wodziwa kulemba amene mtima wake uli m'malo. Chifukwa chake n'chakuti woyendetsa amalandira mafoni onse, abodza ndi oona, ndipo mayi sangalandire uthenga wonama kakhumi osadwala.

M'kopemo mulembe maina onse a munthuyo: la pa chiphaso cha unzika, la ubatizo, la kuchinamwali, la masewera, ndi lililonse limene ankagwiritsa ntchito kunja. Ena opita ku South Africa amayendera pasipoti ya m'bale wawo kapena amadzitchula dzina la kumeneko, ndipo akamangidwa kapena kugonekedwa m'chipatala amalembedwa dzina limenelo. Banja lofunsa dzina la kumudzi limauzidwa kuti munthu wotere kulibe, chonsecho ali m'kaundula.

Mulembenso tsiku ndi nthawi imene anaonedwa komaliza, malo enieni, zovala, amene anali naye, nambala zonse za foni, ndi mawu a uthenga wake womaliza. Aliyense amene anamuona komaliza afunsidwe payekha, mawu ake alembedwe tsiku lomwelo. Anthu akamakambirana nkhani imodzi kwa miyezi, zokumbukira zawo zimasakanikirana, ndipo pakatha chaka onse amanena zofanana zimene mwina palibe amene anaziona. Mauthenga a WhatsApp muwajambule pafoni n'kuwasindikiza papepala. Foni imabedwa, imagwa m'madzi.

Mu envelopu muike zithunzi zosachepera zitatu: cha nkhope yoonekera bwino popanda chipewa, cha thupi lonse, ndi china akumwetulira mano akuoneka. Muikemo fotokope ya chiphaso, pasipoti, buku la kuchipatala ndi makalata a kuntchito. Chilichonse chikhale ndi makope atatu, limodzi lisungidwe m'nyumba ina. Pepala lenileni musalisiye ku ofesi iliyonse, siyani fotokope.

Kupolisi: kutsegula nkhani ndi kuisunga yamoyo

Palibe chifukwa chodikira maola 24 kapena masiku atatu musanakanene kupolisi, makamaka ngati wosowayo ndi mwana, munthu wachialubino, wodwala khunyu, wodwala maganizo kapena wokalamba. Nkhani ya mwana muikenso pa nambala yaulere ya 116. Pokanena, onetsetsani kuti nkhaniyo yalowa m'buku la madandaulo limene apolisi amalitcha OB, ndipo mulembe m'kope lanu nambala yake, tsiku, dzina la wapolisi ndi udindo wake. Popanda nambala imeneyi, pakatha zaka zitatu palibe chosonyeza kuti munabwerapo, ndipo khoti lidzaifuna tsiku lina.

Faelo zambiri zimafa chifukwa wofufuza wasamutsidwa. Wolowa m'malo amapeza milu ya mafaelo ndipo amayamba ndi amene eni ake akuoneka pakhomo. Choncho muzipitako sabata ziwiri zilizonse m'miyezi itatu yoyamba, kenako kamodzi pamwezi, ndipo chaka chikatha kamodzi pa miyezi itatu. Musamafunse kuti "pali chatsopano?" chifukwa yankho lake limadziwika kale. Funsani zinthu zogwirika: kodi uthenga unatumizidwa ku mapolisi a maboma oyandikana? Kodi amene anali naye komaliza anapereka sitetimenti? Kodi mwapempha chilolezo cha khoti kuti kampani ya foni ipereke mbiri ya nambala yake ndi ya Airtel Money kapena Mpamba? Makampani a foni sapereka zimenezi kwa abale, ndipo sazisunga mpaka kalekale, ndiye pempholi lichitike msanga.

Mukaona kuti palibe chikuyenda, lemberani kalata mkulu wa polisiyo, mukhale ndi kope lodindidwa. Zikakanikabe pali Independent Complaints Commission, imene imamva madandaulo okhudza apolisi, komanso ofesi ya Ombudsman ndi Malawi Human Rights Commission. Ku nthambi ya Victim Support Unit nthawi zambiri kumakhala wapolisi wodekha womvera amayi ndi ana, ndipo ndi khomo labwino lolowera ngati ku kauntala sanakulandireni bwino.

Chenjezo limodzi pa nambala ya foni. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imaigulitsa kwa munthu wina. Tsiku lina mudzaona nambala ya mwana wanu yayaka pa WhatsApp, mwina ili ndi chithunzi cha mlendo. Mitima imadumpha, ena amayamba kutukwana mwini watsopanoyo kuti ndiye anapha m'bale wawo. Lembani tsikulo, kauzeni wofufuza, koma dziwani kuti kawirikawiri ndi nambala yogulitsidwanso basi.

Ngati anasowera kunja

Njira ya ku Joni ili ndi malo odziwika amene anthu amatayikira: ku Zobue ndi ku Tete, ku Nyamapanda, pa mtsinje wa Limpopo pamene opanda mapepala amawolokera m'tchire momwe muli zigawenga, ndi ku Musina. Yambani ndi transipota amene anamutenga. Lembani dzina lake, nambala ya galimoto, ndalama zimene analandira ndi maina a ena amene anali paulendowo. Anzake apaulendo ndiwo amadziwa malo enieni amene gulu linagawikana, ndipo amalankhula momasuka akadziwa kuti simukufuna kuwaneneza za mapepala awo.

Nkhani itsegulidwe mbali zonse ziwiri. Kuno apolisi angaitumize ku ofesi ya Interpol (bungwe lolumikiza apolisi a maiko osiyanasiyana) ku likulu lawo ku Area 30 ku Lilongwe, imene ingapemphe chidziwitso chachikasu cha anthu osowa. Ku South Africa m'bale kapena mnzake apite ku polisi ya dera limene munthuyo ankakhala akalembe fomu ya SAPS 55(A). Kumenekonso palibe nthawi yodikira. Lemberaninso ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi ofesi yake ya ku Johannesburg, mutaphatikiza chithunzi ndi nambala ya faelo. Mufunse za ndende, zipatala za boma ndi malo a Lindela ku Krugersdorp kumene amasungira oyembekezera kubwezedwa kwawo. Munthu amene ali m'ndende ku Mozambique kapena ku Zimbabwe amatha chaka osapeza njira yotumizira uthenga, makamaka ngati nambala zonse zinali m'foni imene analandidwa.

Khomo limene mabanja ambiri salidziwa ndi la Red Cross. Malawi Red Cross Society, mogwirizana ndi ICRC (komiti ya Red Cross ya padziko lonse) ndi mabungwe anzake m'maiko ena, imathandiza kufunafuna abale otayana chifukwa cha nkhondo, ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kusamuka. Mumalemba fomu yofufuzira pa ofesi yawo, ndipo simulipira kanthu. Sapereka nkhani yanu kwa apolisi olowa ndi kutuluka, chimene chimachititsa kuti opanda mapepala asawaope. Zimatenga nthawi, ndiye mukasintha nambala kapena kusamuka, kawauzeni. Pali anthu amene anapezeka koma abale awo n'kusapezekanso.

Mitembo yosadziwika

Iyi ndi mbali imene aliyense amaizemba, koma kuizemba kumatayitsa mayankho. Ku South Africa lamulo limalola kuti mtembo wosadziwika umene wakhala m'mochale ya boma masiku 30 uikidwe m'manda ndi khonsolo. Asanauike amajambula, amatenga zidindo za zala ndi kachidutswa ka thupi koyezera DNA (chizindikiro cha m'thupi chosonyeza ubale wa magazi), n'kulemba nambala ya manda. Choncho ngakhale papita zaka, faelo ya mtemboyo ingakhalepo, yongodikira wina woti aifananize. Moto umene unapsereza nyumba ya Usindiso ku Johannesburg pa 31 Ogasiti 2023 unapha anthu oposa 70, Amalawi ali m'gulumo, ndipo matupi ena anapsa moti nkhope sizikanathandiza.

N'chifukwa chake m'kope lanu muyenera kukhala tsamba la zizindikiro za pathupi. Kutalika kwake, zipsera ndi malo ake enieni, mphini, mabowo a ndolo, dzino lothyoka kapena lochotsedwa ndi mbali yake, mpata wa pakati pa mano, fupa limene linathyokapo, opaleshoni, chala chopindika. Fupa ndi mano zimakhala zaka zambiri khungu litatha. Funsani mayi ndi mkazi wake payekhapayekha, chifukwa aliyense amadziwa zina.

Mswachi wake, chipeso chokhala ndi tsitsi kapena chipewa chosachapa muzisunge mu envelopu yapepala pamalo ouma. M'jumbo ya pulasitiki chinyezi chimabweretsa nkhungu n'kuwononga zonse. Pofananiza DNA, makolo omubereka ndi ana ake ndiwo amathandiza kwambiri, kenako abale a mimba imodzi. Msuweni kapena malume sathandiza kwenikweni. Ngati makolowo ndi okalamba, funsani wofufuza kapena a Red Cross ngati pali njira yoti malovu awo atengedwe adakali moyo. Kukaona mtembo kumochale kusapite mayi yekha, ndipo wopitayo ayambe wapempha kuona zithunzi ndi zovala. Mtembo umene wakhala m'madzi kapena m'matope umasintha kwambiri, ndipo munthu wolakalaka yankho amatha kuvomera thupi losakhala lake.

Odyerera pa misozi

Mukalengeza pa wailesi ya Zodiak, MBC, wailesi ya m'dera kapena pa Facebook, musaike nambala ya mayi. Gulani simu ina ya nkhaniyi yokha, ikhale ndi woyendetsa. Musaulutse zizindikiro zonse; bisani chimodzi, monga chipsera cha pamsana kapena dzina la galu wa pakhomo paubwana wake. Woimba foni kunena kuti ali naye, kapena kuti wamuona m'ndende ndipo pakufunika ndalama ya belo, afunsidwe chobisikacho, kapena apereke foni kwa munthuyo alankhule. Wofuna kuti mutumize ndalama msangamsanga, "lero lomwe lino zisanaipe," ndi wakuba mpaka atasonyeza umboni. Lembani nambala yake mukaipereke kupolisi.

Za asing'anga ndi aneneri ziyenera kunenedwa mosabisa. Palibe amene angaletse mayi wosweka mtima kukafuna chitonthozo kumene amakhulupirira. Vuto limayamba pamene woombeza wanena kuti munthuyo ali moyo, akusungidwa m'matsenga, ndipo kuti abwere pakufunika mbuzi ina, kenako ng'ombe, kenako munda. Choopsa kuposa apo ndi kutchula dzina la wolodza. Amene amalozedwa chala amakhala gogo wa pakhomo pomwepo kapena mkazi wa wosowayo, ndipo okalamba aphedwapo m'dziko muno chifukwa cha mawu otere. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mwini mbumba anene poyera pamsonkhano woyamba kuti m'banja muno palibe amene adzatchulidwe dzina popanda umboni wopita nawo kupolisi.

Gwirizanani malire a ndalama zofufuzira pachaka, muwalembe m'kope. Mbewu, feteleza, fizi ndi munda zisakhudzidwe. Ngongole ya katapila kapena ya banki mkhonde yotengera ulendo wongomva mphekesera yasiya mabanja ambiri opanda denga. Mphekesera iliyonse iyambe yatsimikizidwa ndi munthu amene ali kale kumaloko, atumize chithunzi, musanagule tikiti.

Chuma, banki ndi khoti

Pamaso pa lamulo munthu wosowa ali moyo, ndipo katundu wake ndi wake. Palibe amene angalowe chuma chake, kugulitsa nyumba yake kapena kutapa ndalama zake kubanki, ngakhale mkazi wa ukwati woyera. Apa ndi pamene ana amavutikira ndalama za bambo awo zili m'buku. Kugwiritsa ntchito khadi lake la ATM kapena simu yake mwakachetechete kumaoneka kosavuta, koma kumasokoneza kafukufuku, chifukwa zimaoneka ngati mwini wake akutapa yekha, ndipo kungakusandutseni woganiziridwa.

Mwezi woyamba usanathe lemberani makalata, lipoti la polisi litaphatikizidwa, kwa abwana ake kuntchito, kubanki, kumene anali ndi ngongole, ndi ku kampani ya inshulansi. Kuntchito akapanda kuuzidwa amalemba kuti wathawa ntchito, zimene zimasokoneza malipiro ake otsala. Ngongole imapitiriza kubereka chiwongoladzanja, ndiye pemphani mwakulemba kuti aiimitse kapena asinthe kabwezedwe. Inshulansi ya moyo kapena ya maliro imafa mukasiya kulipira mwezi ndi mwezi. Ngati n'kotheka pitirizani, chifukwa tsiku lina idzafunika.

Pamaso pa mfumu, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ali pomwepo, lembani mndandanda wa katundu yense: minda, ziweto, njinga, malata, zida. Lembaninso amene azisunga chilichonse, ndi kuti zokolola ndi lendi zizidyetsa ana ake. Onse asainire, mfumu idinde. Pepala losavutali limatseka pakamwa m'bale amene adzabwere chaka chachitatu kunena kuti ng'ombe zinali zake.

Njira yotsegulira chuma ndi kupempha khoti lalikulu kuti ligamule kuti munthuyo aziyesedwa womwalira. Mfundo imene makhoti athu anatengera ku malamulo a ku England ndi ya zaka 7: munthu amene sanamvekeko kwa zaka 7 zotsatizana kwa anthu amene akanayenera kumva za iye, atafunidwa mokwanira, angayesedwe womwalira. Mawu akuti "atafunidwa mokwanira" ndiwo amapatsa kope lanu mtengo. Nambala ya OB, makalata odindidwa, malisiti a zilengezo za pawailesi ndi fomu ya Red Cross ndiwo umboni. Ngati munthuyo anasowa pangozi yodziwika, monga matope a Freddy kapena bwato lomira anthu akuona, loya angapemphe khoti lisadikire zaka zonsezo, mboni zitalumbira pa zimene zinaona. Ku South Africa khoti silimangidwa ndi chiwerengero cha zaka; limayang'ana umboni wonse, ndipo zimenezi n'zofunika kwa amene anasiya ndalama za penshoni kumeneko.

Chigamulo chikatuluka mumapita nacho ku National Registration Bureau kukatenga chiphaso cha imfa, kenako mumapempha makalata oyendetsera chuma cha masiye, kudzera kukhoti, kwa bwanamkubwa wa boma kapena kwa Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye. Kuyambira pamenepo lamulo la Deceased Estates la 2011 limagwira ntchito: mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana ndiwo oyamba kutetezedwa, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Podikira zonsezi, ofesi ya chisamaliro cha anthu paboma ingaunike ngati ana angathandizidwe fizi kapena banja lingalowe mu Mtukula Pakhomo.

Ambiri amakana kupita kukhoti poopa kuti akupha m'bale wawo ndi cholembera. Afotokozereni kuti chigamulocho n'chotsegulira fizi ya ana, sichitseka faelo ya kupolisi, ndipo munthuyo akabwera khoti lomwelo limachifafaniza.

Zimene kudikira kumachita m'thupi ndi m'nyumba

Pauline Boss, katswiri wa za mabanja wa ku University of Minnesota, anayamba kufufuza chisoni cha anthu osadziwa ngati m'bale wawo ali moyo kapena anamwalira m'zaka za m'ma 1970 pakati pa mabanja a asilikali a ku America amene anasowa pankhondo ya ku Vietnam. Anapeza kuti otsala samalephera kuchira chifukwa chofooka mtima. Chimawadwalitsa ndi kusadziwa kwenikweniko, ndipo kuwakakamiza kuti aiwale kumangowonjezera bala. Chimene chimathandiza ndi kuphunzira kunyamula mfundo ziwiri pamodzi: mwina ali moyo, mwina anamwalira, ndipo lero tiphika, tilima.

Zizindikiro zake zimafanana m'mabanja ambiri. Mayi sagona, amadzidzimuka foni ikalira, BP imakwera, mutu ndi m'mimba sizipola. Amakana kusamuka kapena kusintha nambala kuopa kuti mwana akabwera sadzawapeza. Bambo amangoti zii n'kuyamba kumwa kwambiri. Amene anapereka ndalama ya ulendo, kapena amene anakangana naye usiku womaliza, amadziweruza yekha tsiku ndi tsiku. Ndipo nyumba imagawikana: ena akufuna sadaka ichitike, ena akuti amene akunena za sadaka ndiye akudziwapo kanthu.

Pamsonkhano wabanja, wotsogolera anene momveka kuti aliyense ali ndi ufulu wokhulupirira zake, ndipo palibe amene adzanyozedwe chifukwa choyembekezera kapena chifukwa chosiya kuyembekezera. Kenako mukambirane ntchito zimene wosowayo ankagwira, chimodzichimodzi: ndani azilipira fizi, ndani azipita kumunda wa kudimba, ndani aziimira ana kusukulu. Nenani kuti ndi "kufikira atabwera kapena titadziwa." Mawu amenewa amalola mlamu kugwira khasu popanda kuoneka ngati walowa m'malo.

Ikani tsiku limodzi pamwezi la nkhaniyi: kuimba mafoni, kupita kupolisi, kuwerenga kope, kupemphera. Masiku enawo woyendetsa asunge simu, ndipo mayi auzidwe zokhazo zimene zatsimikizika. Woyendetsayo naye asinthidwe pakatha chaka kapena ziwiri, chifukwa amatopa mosaonetsa.

Ana asanamizidwe. Kuwauza kuti bambo apita kutauni abwera mawa kumawachititsa kudikira pamsewu, ndipo akadzamva zoona kwa anzawo kusukulu amasiya kukhulupirira akulu onse. Mwana wa zaka 5 angamve mawu awa: "Sitikudziwa kumene bambo ali. Tikuwafunafuna. Si chifukwa cha iwe, ndipo ine ndili pano." Adzafunsa kambirimbiri, muzimuyankha chimodzimodzi. Wamkulupo muonetseni kope, adziwe kuti ntchito ikuchitika. Auzeni aphunzitsi aakulu. Muyang'anitsitse mwana woyamba, amene amasiyitsidwa sukulu kuti alowe m'malo mwa kholo, ndi mnyamata amene wayamba kunena kuti apita ku Joni kukawafuna yekha.

Mkazi wa wosowa ndiye amasenza katundu wolemera kuposa onse, ndipo mudzi sumuchitira chilungamo. Si wamasiye, choncho sasudzulidwa, salandira chipepeso. Akavala bwino akuti waiwala msanga, akakhala wachisoni akuti akudzionetsera. Wa chitengwa amaopa kuthamangitsidwa pamunda, wa chikamwini abale ake amam'kakamiza kukwatiwanso. Ankhoswe asadikire kuti mkangano ubuke: akumane chaka choyamba chisanathe, agwirizane zoti akhala pati, alima pati, ndipo nkhani ya ukwati idzaunikidwanso liti. Kukwatiwanso ukwati wolembetsa usanathetsedwe ndi khoti kumabweretsa milandu. Mu mpingo wa Katolika pamafunikanso chikalata cha bishopu chonena kuti mnzakeyo akuyesedwa womwalira, ndipo kwa Asilamu mashehe ali ndi malamulo a nthawi yodikira. Chisankho chikhale cha mayiyo, osati cha alamu ake.

Pitani kuchipatala ngati wina watha sabata ziwiri osagona kapena osadya bwino, wasiya kusamba ndi kugwira ntchito, akumva mawu a wosowayo akumuitana, kapena wanena zofuna kudzipha. Mawu otere asatengedwe ngati kungolankhula. Chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, asakhale yekha, mupite naye tsiku lomwelo. Zipatala za maboma zimakhala ndi anamwino kapena madokotala a matenda a maganizo, ndipo pali Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kukumana ndi mabanja ena osowetsa abale, ngakhale atatu okha pansi pa mtengo kutchalitchi kapena kumzikiti, kumathandiza kwambiri, chifukwa kumeneko palibe amene amafunsa kuti "simunaiwalebe?"

Mwambo wopanda mtembo, ndi tsiku la yankho

M'madera ena banja limaika m'manda chovala cha munthuyo kapena thunthu la nthochi. Ena amachita misa, mapemphero kapena swala ya maliro a munthu amene thupi lake palibe. Zimenezi zimapumitsa mitima ngati onse apafupi avomera, makamaka mayi ndi mkazi wake. Zikachitika mokakamiza zimang'amba banja. Ngati simunagwirizane, chitani mwambo wokumbukira wosatchula imfa: pemphero pa tsiku lake lobadwa, kubzala mtengo, kapena kusonkhana pa 30 Ogasiti, tsiku limene dziko lonse limakumbukira anthu osowa.

Mafupa akapezeka, musawagwire kapena kuwasuntha. Itanani apolisi ndi achipatala, ndipo musaike maliro mpaka zizindikiro kapena DNA zitagwirizana. Munthuyo akapezeka wamoyo, dziwani kuti wamkulu ali ndi ufulu wokana kuti malo ake aululidwe, ndipo a Red Cross amayamba am'funsa asanakuuzeni. Matchona ambiri sakhala chete chifukwa chodana ndi kwawo. Amachita manyazi kubwera chimanjamanja, kapena ali ndi banja lina. Uthenga woyamba ukhale waufupi, wopanda mafunso a ndalama kapena milandu, wongonena kuti anthu akufuna kumva mawu ake. Mukatero kauzeni apolisi a mbali zonse ziwiri atseke mafaelo, chotsani zilengezo pa Facebook, ndipo ngati khoti linagamulapo, bwererani ndi loya kuti chigamulocho ndi chiphaso cha imfa zifafanizidwe asanayese kutenga chiphaso cha unzika kapena pasipoti yatsopano.